Kalata yotseguka kwa akuluakulu a R&A ndi USGA: mpira mwaufupikitsa, nanga za ma tee bwanji?

Olemekezeka akuluakulu a R&A ku St Andrews ndi a USGA ku New Jersey, pamodzi ndi inu atsogoleri a mabungwe a gofu m'maiko ndi makomiti a makalabu,

Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho mutilole tilankhule mosapsatira. Pa 6 Disembala 2023 inu a R&A ndi USGA, mabungwe okhazikitsa malamulo a gofu, munalengeza kuti musintha kayesedwe ka mpira wa gofu. Malire a mtunda sanasinthe: akadali mayadi 317, ndi mayadi 3 ololera pamwamba pake. Chimene mwasintha ndi makina omenyera. Kuyambira 2004 mpira umayesedwa ndi ndodo yothamanga mamailosi 120 pa ola, ukunyamuka pa madigiri 10 ndi kuzungulira maulendo 2,520 pa mphindi. Muyeso watsopano ndi mamailosi 125 pa ola, madigiri 11 ndi maulendo 2,200. Mpira womenyedwa mwamphamvu chotere koma osapitirira malire omwe aja uyenera kukhala waulesi pang'ono kuposa wa lero. Munanena kuti muyesowu uyamba mu Januwale 2028, ndipo osewera wamba apitiriza ndi mipira yakale mpaka Januwale 2030.

Chifukwa chake tikuchimva. Mu 2023 katswiri Rory McIlroy ankamenya driver (ndodo yomenyera kutali kwambiri) mayadi opitirira 326 pa avereji. Chaka chomwecho kalabu ya Augusta National ku America inabweza m'mbuyo tee (malo oyambira kumenya mpira) ya dzenje la 13 ndi mayadi 35, ndipo ku St Andrews komweko, mu 2010, tee ya dzenje la 17 inakamangidwa kunja kwa malire akale a bwalo. Si kalabu iliyonse ingagule malo oyandikana nawo. Pa zimenezi sitikutsutsana nanu. Dandaulo lathu ndi lakuti nkhani ya osewera wamba mwaitseka ndi mawu amodzi, akuti ataya "mayadi asanu kapena kucheperapo", ngati kuti basi zathera pomwepo. Munthu wa ku kalabu safunsa za mayadi. Amafunsa kuti Loweruka aime pa tee iti, ndipo funso limeneli simunaliyankhe.

Tiyambe ndi masamu. Njira yodziwika yosankhira utali wa bwalo ndi kuchulukitsa mtunda wa driver ndi 28. Mu malipoti anu omwe, mwamuna wa ku kalabu amamenya pafupifupi mayadi 216, zomwe zikupereka bwalo la mayadi 6,048. Mukamuchotsera mayadi 5 onse aja, atsala ndi 211, bwalo lake n'kukhala 5,908. Kusiyana kwake ndi mayadi 140 pa maenje 18. M'mabwalo ambiri, kuchoka pa mtundu umodzi wa ma tee kufika pa wotsatira pamakhala mayadi 300 mpaka 500. Ndiye kunena zoona, mpira watsopano paokha susamutsa munthu pa tee yake, kupatula amene anali kale m'malire.

Vuto ndi lakuti ambiri sali m'malire, anawapitirira kalekale. Tchati cha Tee It Forward, chimene USGA ndi PGA of America anatulutsa mu 2011 potsatira ganizo la Barney Adams, wopanga ndodo za gofu, chimati womenya mayadi 250 asewere bwalo la 6,200 mpaka 6,400, wa 225 asewere 5,800 mpaka 6,000, wa 200 asewere 5,200 mpaka 5,400, ndipo wa 150 asewere 3,500 mpaka 3,700. Tsopano yang'anani amene amaima pa ma tee oyera a mayadi 6,500 tsiku la mpikisano wa pamwezi. Ndi anthu a mayadi 200, ena 190, ena opuma pantchito amene driver yawo ikafika 180 amaombera m'manja. Bwalo linawatalikira ndi mayadi 1,000 mpira usanakhudzidwe n'komwe. Kwa amayi zafika poipa: avereji yawo ndi pafupifupi mayadi 148, zomwe pa kuchulukitsa ndi 28 kuja zikufuna bwalo la cha m'ma 4,100, pamene ma tee apatsogolo m'mabwalo ochuluka amapitirira 5,000, ndipo kutsogolo kwake kulibe kwina kothawira. Mayi wa mayadi 148 pa par 4 (dzenje loyenera kumalizidwa ndi mashoti anayi) ya mayadi 350 amatsala ndi 202, mtunda umene alibe ndodo yofikira ngakhale atamenya bwino bwanji. Mayadi awiri kapena atatu amene mpira watsopano umulande ndi ochepa, inde, koma akuchotsedwa pa munthu amene analibe kale.

Pali malo amodzi pamene mayadi ochepawa amaluma zenizeni, ndipo ndi pamene tikufuna mukhalepo nthawi. Avereji ya mtunda imabisa kusiyana kwa mpira uli m'malere ndi mpira ukugubuduzika. Pa fairway (njira ya udzu wotchetchedwa yopita ku dzenje) yotseguka, kutaya mayadi 4 kumangotanthauza kuti shoti yachiwiri yatalika pang'ono, osafika ngakhale theka la kusiyana kwa ndodo imodzi ndi inzake, komwe kumakhala mayadi 10 mpaka 12. Koma patsogolo pa tee pakakhala mtsinje, damu, chigwembe kapena udzu wautali, mpira uyenera kuwoloka uli m'malere. Tiyerekeze munthu amene mpira wake umatera pa mayadi 180 akamenya bwino, ndipo khwawa limafuna 170. Mashoti ake samatera malo amodzi. Amamwazika mayadi khumi kapena kuposerapo kutsogolo ndi kumbuyo. Mpata wake wa mayadi 10 ukatsika kufika pa 6, mashoti amene ankangopulumukira mkamwa mwa mbuzi ayamba kugwera m'madzi. Apo chilango si mayadi 4 ayi. Ndi shoti ya chilango, mpira wotayika, ndi gulu la m'mbuyo litaima manja m'chiuno likudikira. Zomwezo zimachitika pa dzenje lokhota: ngati ngodya ili pa mayadi 205 ndipo munthu amafika 208, mpira watsopano umusiya kuseri kwa mitengo, n'kufuna shoti ina yongotulukira.

N'chifukwa chake pempho lathu loyamba kwa inu a R&A ndi USGA ndi manambala. Munatipatsa a akatswiri: mayadi 13 mpaka 15 kwa omenya kutali kwambiri, 9 mpaka 11 kwa katswiri wamba wachimuna, 5 mpaka 7 kwa akatswiri achikazi a m'mipikisano ya LPGA ndi LET. Kwa ena onse munagwiritsa liwiro la avereji, mamailosi 93 pa ola kwa amuna ndi 72 kwa amayi. Koma ku kalabu kuli mnyamata wa handicap (nambala yosonyeza luso la wosewera) 15 amene amazunguza ndodo pa 108, kuli agogo amene amazunguza pa 75, kuli mwana wa zaka 12. Tipatseni tebulo la liwiro kuyambira 60 mpaka 115, likukwera ndi 5, losonyeza padera mtunda wa m'malere ndi mtunda wonse, pa ndodo za driver, 3-wood, hybrid ndi 7-iron. Tebulolo lisiyanitsenso njira zimene opanga mipira angatsate. Wina achepetsa mphamvu ya mtima wa mpira, wina asintha timaenje ta pakhungu kuti mpweya uziukoka kwambiri. Kukoka kwa mpweya kumakula mofulumira liwiro likamakwera, choncho njira yachiwiriyi imalanga womenya mwamphamvu kuposa wofooka, koma imasinthanso kakwezedwe ka mpira ndi katsikidwe kake, zimene womenya mofooka amadalira kuti awoloke madzi. Munanenanso kuti mitundu ya mipira yoposa 30 pa 100 iliyonse yomwe ilipo kale ikhoza kupambana muyeso watsopano. Ngati ndi choncho, ambiri amene amasewera mipira yofewa yotsika mtengo mwina sataya kanthu. Itchuleni mipirayo msanga, anthu asamanjenjemere pachabe.

Pempho lachiwiri likukhudza World Handicap System, imene munaikhazikitsa limodzi mu 2020. Kayezedwe ka bwalo kamaimira pa anthu anayi ongoyerekeza. Mwamuna wa scratch (wa handicap 0) amamenya mayadi 250 ndipo amafika 470 pa mashoti awiri. Mwamuna wa bogey (wa handicap ya cha m'ma 20) 200 ndi 370. Mayi wa scratch 210 ndi 400. Mayi wa bogey 150 ndi 280. Oyeza amapita kukaima pa mitunda imeneyi n'kuona kuti fairway ndi yotakata bwanji, mchenga uli pati, madzi ali pafupi motani, ndipo Course Rating ndi Slope, manambala osonyeza kuvuta kwa bwalo, zimachokera pamenepo. Kodi manambala amenewa akhala momwemo? Mukawasiya, ma handicap akwera pang'onopang'ono okha, chifukwa dongosololi limatenga masewero 8 abwino mwa 20 omaliza. Kukwerako sikukhala kwakukulu: ma drive 14 otaya mayadi 4 lililonse ndi mayadi 56, ndipo pa kawerengedwe kanu mayadi 220 ndiwo shoti imodzi kwa mwamuna wa scratch, ndiye tikunena za kotala ya shoti. Koma mukawasintha, mabwalo onse ayenera kuwerengedwanso, pamene lamulo limangokakamiza kuyezanso kamodzi pa zaka 10, ndipo m'maiko ambiri oyeza ndi anthu ochepa ongodzipereka. Nenani msanga kuti mwasankha ziti. Komiti singauze mamembala kuti asamukire kutsogolo pamene siikudziwa ngati manambala a pa khadi akhalitsa.

Tsopano kwa inu a mabungwe a m'maiko ndi makomiti a makalabu, kuphatikizapo a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, pakuti kunja kwa United States ndi Mexico malamulo a R&A ndiwo amagwira ntchito. Zambiri mwa zofunikazi zili m'manja mwanu, ndipo sizikudikira 2030.

Chimene chimamangirira anthu pa ma tee olakwika ndi manyazi. Tee yofiira inatchedwa "ya amayi", yachikasu "ya madala", ndipo mwamuna wa zaka 45 angalole kutaya mipira isanu kusiyana n'kuonedwa ataima pa yofiira. Chotsani maina amenewo. Itchuleni ndi manambala kapena ndi utali wake, monga 65 pa ya mayadi 6,500 ndi 59 pa ya 5,900, ndipo tee iliyonse ikhale ndi Course Rating ndi Slope ya amuna komanso ya amayi. Pano ma tee apatsogolo ambiri alibe muyezo wa amuna, kotero mwamuna amene wafuna kusamukirako sangapereke khadi yovomerezeka. Mwamutsekera nokha khomo limene mukumuuza kuti alowe.

Chachiwiri ndi mantha akuti wopita kutsogolo akubera anzake. Apa ingomuonetsani masamu pa bolodi. Course Handicap (mashoti amene munthu amalandira pa bwalolo) imapezeka pochulukitsa Handicap Index (handicap ya munthuyo) ndi Slope, kugawa ndi 113, kenako kuonjezera kusiyana kwa Course Rating ndi par. Tiyerekeze munthu wa Index 18.0 pa bwalo la par 72. Pa tee ya mayadi 6,500 yokhala ndi Rating 71.5 ndi Slope 128, amalandira mashoti 20. Pa tee ya 5,900 yokhala ndi Rating 68.8 ndi Slope 121, amalandira 16. Wapita kutsogolo mayadi 600, wabweza mashoti anayi. Palibe wabera mnzake, ndipo n'chifukwa chake mpikisano umodzi ungathe kuseweredwa pa ma tee osiyanasiyana. Chofunika n'chakuti komiti ilembe m'malamulo a mpikisano kuti ndani akusewera pati, chifukwa pa Lamulo 6.1b, woyambira pa tee imene si yake mu stroke play (mpikisano wowerenga mashoti onse) amalangidwa mashoti awiri ndipo ayenera kubwereza pa yoyenera, apo ayi achotsedwa mu mpikisano.

Kumanga tee yatsopano sikulira thalakitala nthawi zonse. Yambani ndi kuyenda dzenje lililonse ndi choyezera mtunda, mukulemba mtunda wowolokera chopinga chilichonse kuchokera pa tee iliyonse. Paliponse pamene mtundawo waposa mayadi 100 kuchokera pa tee yapatsogolo, kapena 150 kuchokera pa yapakati, ikani chizindikiro. Amenewo ndiwo maenje oyamba kukonza, osati kumeta mayadi 20 pa dzenje lililonse mofanana. Tee yoyamba ingakhale malo athyathyathya kumayambiriro kwa fairway, otchetchedwa mofupika, okhala ndi zizindikiro ziwiri ndi chikhomo chokhazikika choyezerapo. Pakhale posadikha madzi, poyang'ana kumene mpira ukupita, osati m'mbali mwa mitengo pamene munthu akakamizike kukhotetsa shoti. Ma tee apatsogolo ambiri analephera chifukwa anaponyedwa pakona ngati chinthu choiwalika. Ikayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri, ikuzeni. Akatswiri a udzu a USGA amati pa masewero 1,000 alionse a pachaka pafunika masikweya mita pafupifupi 9 pa par 4 ndi par 5, ndipo kawiri kake pa par 3, pomwe ma iron amakumba nthaka. Tee yaing'ono imasanduka dothi lokhalokha pofika mwezi wa Okutobala, anthu n'kubwerera kumbuyo.

Njira yotsika mtengo koposa ndi khadi yosakaniza: maenje ena pa tee yoyera, ena pa yachikasu. Pa bwalo la 6,500 ndi 5,900, kusakaniza kumabala bwalo la cha m'ma 6,200 popanda kukumba paliponse. Ikani pa yachikasu ma par 4 aatali ndi maenje owoloka madzi, siyani ma par 5 ndi ma par 4 aafupi pa yoyera. Mayadi 140 a mpira watsopano aja amathera m'menemo. Koma khadi yotereyi imafuna Rating ndi Slope yakeyake kuchokera ku bungwe la dziko, musangopeka. Musayesenso kuthetsa nkhaniyi pouza wosamalira bwalo kuti azingosunthira zizindikiro kutsogolo mwakachetechete. Malamulo a handicap amati zizindikiro zisatalikire chikhomo chokhazikika ndi mayadi oposa 10, ndipo bwalo lonse lisasiyane ndi utali woyezedwa ndi mayadi oposa 100. Mukapyola apo osasintha Rating, aliyense azilemba masewero abwino onama, ma handicap atsika, ndipo mamembala anu akakaluza ku kalabu ina mudzadabwa.

Wosewera naye athandizidwe kudziwa mtunda wake weniweni, chifukwa pafupifupi aliyense amatchula shoti yake yabwino koposa, ija ya tsiku limene mphepo inali kumbuyo. Kayezedwe kake n'kosavuta. Amenye mipira 10 ndi 7-iron, pogwiritsa mpira umene amasewera nawo, osati wa pa range (malo ophunzirira kumenya) umene nthawi zambiri umakhala wotopa. Wina aime pambali kuona potera mpira. Achotse iwiri yakutali ndi iwiri yapafupi, atenge avereji ya isanu ndi umodzi yotsalayo. Pa driver alembe ma drive onse a masewero atatu, oipa omwe, n'kutenga wapakati. Kenako ayese pa khadi: pa tee imene wasankha, kodi par 4 yapakatikati imamusiyira ndodo yanji? Ngati pa ma par 4 opitirira theka akutulutsa 3-wood kapena hybrid pa shoti yachiwiri, kapena pali par 3 imene akufunika driver, tee imeneyo si yake, kaya mpira ndi wakale kapena watsopano. Kalabu ingachite zimenezi tsiku limodzi pachaka, mphunzitsi ndi ma caddie (onyamulira osewera zikwama) awiri, n'kupachika tchati pafupi ndi tee yoyamba.

Tikumbutsenso kuti matchati onsewa anapangidwira malo a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, Johannesburg pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wopepuka umaonjezera mtunda ndi magawo 4 mpaka 7 pa 100. Kwa munthu wa mayadi 216, ku Lilongwe amapindula mayadi 8 kapena 9, kuposa onse amene mpira watsopano umulande. Nyengo nayo imaposa mpira: fairway youma gwa ya m'chilimwe imagubuduza mpira mayadi makumi angapo, pomwe mu Januwale mpira umangoti phwa pamene watera. Munthu mmodzi yemweyo angayenere tee yoyera mu Okutobala ndi yachikasu m'dzinja. Mabungwe a kuno atenge matchati a ku Scotland ndi New Jersey ngati poyambira chabe, ayeze okha pa mabwalo awo nyengo zonse ziwiri.

Yomaliza tikuibweza kwa inu a St Andrews, chifukwa ndi imene isokoneze zonse tanenazi ngati simuikonza: mipira yakale. Si koyamba kusintha mpira. Mpira waung'ono wa mainchesi 1.62 unaletsedwa pa mpikisano waukulu wa The Open mu 1974, koma osewera wamba anapitiriza nawo mpaka 1990, zaka 16. Koma mu 2023 munapereka zaka ziwiri zokha pakati pa muyeso watsopano ndi tsiku la osewera wamba. M'maiko mmene bokosi la mipira 12 yatsopano ndi ndalama yambiri, anthu amasewera mipira yotoledwa m'tchire ndi m'madamu, yogulidwa kwa ma caddie, ina ya zaka zisanu kapena khumi zapitazo. Mipira imeneyi siidzatha pa 1 Januwale 2030. Dzina la mpira likhoza kudzakhala lomwelo pa wakale ndi watsopano, kusiyana kungokhala kachizindikiro ka m'mbali, ndipo Lamulo 4.2a limati wosewera mpira wosavomerezeka achotsedwe mu mpikisano. Ndani adzaime pa tee yoyamba ndi mndandanda wanu wa mipira yovomerezeka, umene umasintha mwezi ndi mwezi, kumayang'ana m'thumba la aliyense? Ndipo munthu adzayeza bwanji mtunda wake kuti asankhe tee, pamene m'chikwama mwake muli mipira ya mibadwo iwiri? Lamulani opanga mipira kuti aike chizindikiro chimodzi chooneka ndi maso pa mpira uliwonse wopambana muyeso watsopano, chofanana pa makampani onse, ndipo lolani mabungwe a m'maiko kuti pa mipikisano ya handicap ya ku kalabu aonjezere nthawi ya mipira yakale malinga ndi mmene msika wawo ulili.

Ndife anu,
aphunzitsi a gofu ndi osunga ma handicap a m'makalabu.